Madamu amene ankatonthoza aliyense: lipoti la nkhani ya mphunzitsi wa Sitandade 8 m'nyengo ya Covid-19

Lipotili ndalembera alangizi anzanga a zamaganizo, ma PEA (alangizi oyendera sukulu za pulayimale) ndi aphunzitsi aakulu. Likunena za mphunzitsi wamkazi wa pasukulu ina ya pulayimale ya boma, kumudzi, m'chigawo chapakati, amene ndinamuthandiza kuyambira Malichi 2021 mpaka kumapeto kwa chaka chomwecho. Eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, bola dzina lawo, la sukulu ndi la dera lisatchulidwe. Ndiziwatchula kuti Madamu, monga ankawaitanira ana ndi aphunzitsi anzawo.

Tikamakamba za luso lozindikira ndi kusamalira zimene zili mumtima, limene mabuku amalitcha emotional intelligence, ambirife timaganiza kuti munthu amene ali nalo ndi wotetezeka. Madamu anali nalo kuposa mphunzitsi aliyense pasukulupo, koma ndi iwo amene anadwala. N'chifukwa chake ndaona kuti nkhani yawo njofunika kuilemba.

Mbiri yawo ndi zimene mliri unabweretsa

Madamu anali a zaka za m'ma 40, ataphunzitsa zaka zoposa 20. Kuwonjezera pa Sitandade 8, ankatsogolera gawo la makalasi akuluakulu ndiponso ankalumikiza sukulu ndi amayi a mother group. Aphunzitsi awiri akakangana pa nkhani ya nyumba za pasukulu, ahedi ankatuma Madamu. Kholo likabwera litapsa mtima, linkatuluka mu ofesi likuseka ngati Madamu analimo. Kukagwa maliro, osonkhetsa chipepeso anali iwo. Amuna awo ankaphunzitsa pasukulu yomwe si ya boma patauni yapafupi, ndipo pakhomo panali ana awo atatu ndi ana awiri a malemu achimwene awo.

Sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, patangopita masiku atatu Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza kuti dziko lili pangozi. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Malipiro a Madamu, poti ndi a boma, sanaime, koma amuna awo anauzidwa kuti popanda fizi palibe chowalipira. Banja la anthu asanu ndi awiri linatsamira pa malipiro amodzi, amenenso anali odulidwa kale ndi ngongole ya kukampani ina, ija imachotsedwa ndalama zisanafike m'manja. Madamu anakatenga ina kubanki m'khonde. Itavuta kubweza, anapita kwa wakatapila osauza amuna awo.

Makalasi olemba mayeso anatsegulidwa pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Poitana mayina tsiku loyamba, atsikana asanu ndi mmodzi sanayankhe. Vutoli linali la dziko lonse: boma linadzalengeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo panachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000. Madamu ndi amayi a mother group anayenda khomo ndi khomo, ndipo anayi anabwerera kudzalemba mayeso. Mmodzi mwa awiri otsalawo ndi amene ankatsogola m'kalasi, mtsikana amene Madamu ankamuphunzitsa masana pakhonde pawo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti asankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Anakamupeza ali pabanja kumudzi wina, agogo ake n'kunena kuti nkhaniyo inatha kale.

Teremu imeneyo inali yolemetsa kwa aliyense. Makalasi anagawidwa pawiri, kotero phunziro limodzi linkaphunzitsidwa m'mawa ndi masana, mphunzitsi akukuwa mkati mwa masiki. Panafunika woyang'anira ndowa zosambira m'manja, sopo ndi malipoti a Covid-19, ndipo ahedi anasankha Madamu "poti ndi amene anthu amawamvera".

Mu Januwale 2021 matendawa anabweranso mwamphamvu. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo patapita masiku ochepa sukulu zinatsekedwanso. Mwezi womwewo achemwali awo aakulu a Madamu, amene anawalera ndi kuwalipirira sukulu mayi awo atamwalira, anatisiya ali m'chipatala mumzinda. Thupi silinalowe m'nyumba. Panalibe kugona pasiwa kapena kuona nkhope. Bokosi linachoka pagalimoto kulunjika kumanda, azaumoyo atavala zodzitetezera. Madamu anaimirira patali atagwira ana a malemuwo, ndipo sanalire chifukwa, mwa mawu awo, "panafunika wina wolimba".

Sukulu zinayenera kutsegulidwa pa 22 Febuluwale, koma aphunzitsi, motsogozedwa ndi Teachers Union of Malawi, anayamba sitalaka yofuna ndalama za ukadziotche. Madamu ankagwirizana nayo sitalakayo, koma ana a Sitandade 8 akafika pakhomo ndi makope sankawabweza. Ena mwa anzawo anayamba kuwanena kuti akugulitsa gulu. Aka kanali koyamba pa moyo wawo wonse wauphunzitsi kuti alowe mu staff room anthu n'kusiya kulankhula.

Zizindikiro zoyamba

Sitalaka itaimitsidwa mu Malichi, ahedi anaona kuti Madamu akuchedwa kufika, makope akuunjikana osachonga, ndipo pa buleki akumatsalira m'kalasi okhaokha. Anali atapitapita kuchipatala chaching'ono chifukwa cha mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Ankawayeza malungo osapezeka, n'kuwapatsa panado. BP inali itakwera pang'ono.

Tsiku lina analakwitsa samu pabolodi, mnyamata wina n'kuseka. Madamu anamugenda ndi dasitala, n'kuuza kalasi yonse kuti: "Nonsenu mudzangothera m'mudzi momuno." Kenaka anatuluka n'kukakhala kuseri kwa kalasi mpaka belu linalira. Ahedi analemba kalata yochenjeza, koma asanaipereke anadziwitsa a PEA. A PEA, amene anawadziwa Madamu kwa zaka zambiri, anati munthu sasintha chonchi popanda chifukwa, ndipo anandiimbira foni.

Nditakumana ndi ahedi, anandiuza kuti: "Akanakhala ndi vuto akananena. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko." Ahediwo sanali munthu wouma mtima, ndipo mwambiwo ndi woona pa zinthu zambiri. Koma matenda a maganizo amamuuza munthu kuti ndi mtolo kwa anzake, ndiye amangokhala chete mpaka zitaonekera pantchito. Tinagwirizana kuti kalatayo isaperekedwe, komanso isang'ambidwe. Mwana analakwiridwa, ndipo zimenezo sizikanangokwiriridwa. Koma kulanga munthu tisanadziwe ngati akudwala kukanamutsekera pakamwa, ifenso tikanataya mwayi womuthandiza.

Zimene ndinapeza

Tinakumana ndi Madamu ku TDC, malo amene aphunzitsi a dera amachitirako maphunziro, osati pasukulu, kuti anzawo asayambe kufunsana. Nditafunsa kuti zikuyenda bwanji, anayankha kuti: "Tili bwino, Ambuye akutisunga." Kenaka pafupifupi nthawi yonse ya kukumana kwathu inathera pa kufotokoza anthu ena. Ahedi sakukwiya ayi, akungoopa kuti nkhaniyi ikafika ku ofesi ya maphunziro adzaoneka olephera kuyendetsa sukulu. Mnyamata uja anaseka chifukwa samuyo sankaimvetsa, ndipo kuseka ndi njira yake yobisira manyazi. Mphunzitsi wachinyamata amene anayambitsa zowanena ali ndi khanda pakhomo, ndipo usiku sagona poopa kulitengera matenda. Amuna awo sakulankhula m'nyumba chifukwa kudyetsedwa ndi mkazi kukuwapweteka. Pambuyo pake, nditawadziwa ena mwa anthuwa, ndinaona kuti Madamu sanaphonye.

Ndinafunsa kuti: "Nanga inuyo, Madamu?"

"Ine ndiye mutu basi. Ndi kutopa."

Apa m'pamene panagona nkhani. Peter Salovey ndi John Mayer analemba za lusoli mu 1990, ndipo Daniel Goleman analitchukitsa ndi buku lake la mu 1995. Mu 1997 Mayer ndi Salovey analigawa panayi: kuzindikira zimene zili mumtima, kuzigwiritsa ntchito poganiza, kumvetsa kumene zachokera ndi kumene zikupita, ndi kuziwongolera. Chimene timakonda kuiwala n'chakuti lusoli limayang'ana mbali ziwiri, kwa anthu ena ndi kwa mwini wake. Madamu mbali ya anthu ena anali katswiri. Za iwo eni analibe mawu ena kupatula mutu ndi kutopa.

Ndiponso chimene aliyense ankachiyamikira kuti ndi kudziletsa chinali kubisa. James Gross, katswiri wa zamaganizo wa ku America, anasonyeza kusiyana kwa njira ziwiri. Munthu angathe kuiona nkhani mwanjira ina mkwiyo kapena mantha zisanakule, ndipo zimachepadi. Kapena angathe kungoumitsa nkhope kuti zisaoneke. Njira yachiwiriyi siichepetsa ululu wamkati, thupi limapitiriza kulimbana nawo, ndipo imadya mphamvu zimene munthu akanakumbukira nazo zinthu. Mphunzitsi amachita zimenezi tsiku lililonse pamaso pa ana. Madamu ankazichita m'kalasi, mu staff room, kutchalitchi, kumanda ndi kuchipinda komwe. Sindikunyoza kupirira ayi. Mabanja ambiri m'dziko muno aimirira chifukwa cha amayi opirira, ndipo atsikana timawalangiza zomwezo pokalowa m'banja. Koma munthu amafunika malo amodzi okha oti akafikapo anene zoona, ndipo Madamu malo amenewo anali achemwali awo aja.

Ndinagwiritsa ntchito PHQ-9 ya m'Chichewa, fomu ya mafunso oyezera kukula kwa matenda ovutika maganizo. Ili ndi mafunso 9, lililonse limapatsidwa kuyambira 0 mpaka 3, ndipo onse pamodzi amafika 27. Madamu anapeza 18, pamene kuyambira 15 mpaka 19 timati matenda akula ndithu. Tulo tinkatha pakati pa usiku, chakudya sichinkalowa, ndipo ankadziona kuti ndi wolephera. Pa funso lomaliza, lonena za maganizo a imfa, anakhala chete nthawi yaitali akupinda ngodya ya chitenje, kenaka anati: "Ine sindingadziphe, ndine mkhristu. Koma masiku ena pogona ndimapempha kuti ndisadzukenso."

Ndinafunsa mosazungulira ngati anaganizapo za njira, za tsiku, kapena ngati anayesapo kale. Zonse anati ayi. Ena amaopa kuti funso lotere limamupatsa munthu maganizo oipa, koma sizili choncho, ndipo Madamu anapumira m'mwamba atafunsidwa. Funso lawo linali lakuti: "Kodi zimenezi zifika kupolisi? Nanga ku ofesi?" Mantha amenewa anali ndi maziko, pakuti nthawi imeneyo malamulo a dziko lino ankati kuyesa kudzipha ndi mlandu. Ndinawafotokozera kuti zimene tikukambirana ndi zachinsinsi, ndi kuti ndikaona moyo wawo uli pachiswe ndidzafuna thandizo la achipatala ndi la m'bale amene asankhe okha, iwo akudziwa.

Panafunika kusiyanitsa zinthu zitatu zofanana maonekedwe. Choyamba ndi kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito, kumene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linakufotokoza kuti ndi vuto lochokera kuntchito, osati nthenda payokha. Kukanakhala kumeneko kokha, milungu isanu imene sukulu zinatsekedwa mu Januwale ndi Febuluwale ikanawapepukitsako, koma ndi nthawi imene zinthu zinaipiraipira. Chachiwiri ndi chisoni cha maliro, chimene chinalipodi. Koma kudziona wopanda pake, kulakalaka imfa ndi kulephera ntchito zimene anazichita kwa zaka 20 zinandisonyeza chachitatu, matenda ovutika maganizo amene achipatala amati depression.

Zimene tinasankha ndi zifukwa zake

Sindinayambe ndi kuwaphunzitsa luso lililonse. Munthu amene wapeza 18 ndipo akupempha kuti asadzuke sitimuphunzitsa kupuma mokoka mpweya n'kumubweza m'kalasi. Madamu anavomera kuti amuna awo aitanidwe. Mankhwala ophera tizilombo amene anali m'nyumba anakasungitsidwa kwa achibale, ndipo tinalemba papepala anthu oti aimbiridwe usiku ukavuta.

Za kuchipatala poyamba anakana. "Anthu adzati ndapenga. Andipititsa ku Zomba." Ndinawauza kuti pachipatala cha boma pali anamwino a zamaganizo amene amaona anthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo a PEA anawapezera tsiku popanda kulengeza chifukwa. Pa mankhwala a matendawa, achipatala anasankha fluoxetine m'malo mwa amitriptyline, chifukwa amitriptyline ndi woopsa munthu akamwa wambiri, ndiye sakhala woyenera kumusunga m'nyumba mwa munthu amene ali ndi maganizo a imfa. Anawauziratu kuti mankhwalawo amatenga milungu ingapo kuti ayambe kuthandiza, ndi kuti malangizo a WHO a nthawi imeneyo ankati munthu apitirize kumwa kwa miyezi 9 mpaka 12 atayamba kupeza bwino.

Kenaka tinakhala pansi ndi ahedi ndi a PEA. Ndinangonena zimene Madamu analola: akudwala, akulandira chithandizo, ndipo ntchito yawachulukira. Udindo wa Covid-19 unapita kwa mphunzitsi wina, chipepeso kwa wina, ndipo milandu ya aphunzitsi inabwerera kwa ahedi ndi achiwiri awo. Ahedi, mwa chifundo, anafuna kuwatsitsira ku Sitandade 3. Ndinakana, nawonso Madamu anakana. Munthu amene akudziuza kale kuti ndi wolephera, kumulanda kalasi imene amadziwika nayo n'kumutsimikizira zomwezo pamaso pa sukulu yonse. Tinachotsa zonse zimene zinaunjikana pambali, n'kusiya ntchito imene inkawapatsa ulemu.

Pa nkhani ya ngongole ndinatsata njira yothetsera mavuto limodzi ndi limodzi, yofanana ndi imene amagwiritsa ntchito a Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe: kulemba mavuto onse, kusankha limodzi, kulemba njira zonse zotheka, n'kusankha yoti iyesedwe mlungu umenewo. Madamu anasankha katapila. Chovuta sichinali ndalama zokha koma kuulula. Tsiku limene anawerenga ngongoleyo pamaso pa amuna awo, bambowo anatenga pepalalo, analiyang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa motsitsa mawu kuti: "Amayi, zonsezi munasenza nokha ine ndili m'nyumba momwemo?" Anagwirizana zogulitsa mbuzi ziwiri n'kukalipira gawo lalikulu, lotsalalo n'kupempha kuti lizibwezedwa pang'onopang'ono.

Pamene zinthu zinatembenuka

Tulo titayamba kubwerera, tinayamba ntchito ya mumtima. Ndinawapempha kuti m'kope laling'ono azilemba m'mawa, masana ndi madzulo zinthu zitatu: m'thupi mukumveka chiyani, dzina la chimene akumvacho, ndi chimene chachititsa. Mlungu woyamba mizere yonse inali ndi mawu amodzi, kutopa. Ndinawalembera mawu ena oti asankhepo, monga mkwiyo, chisoni, manyazi, mantha, kusungulumwa ndi kudziimba mlandu, koma sanawakhudze.

Ndiye ndinaganiza zodzera kumene luso lawo linali lamphamvu. Ndinawafotokozera nkhani yawo yomwe ngati ya munthu wina: mphunzitsi amene akudyetsa banja yekha, anam'bisira amuna ake ngongole, mwana amene anamudalira anam'kwatitsa, mchemwali wake anaikidwa iye ali patali, ndipo anzake amene anawathandiza kwa zaka anam'tembenukira. Ndinafunsa kuti: "Atabwera kwa inu ameneyu, mungati akumva chiyani?"

Sanachedwe n'komwe. "Ameneyo wakwiya. Wakwiya kwambiri, koma alibe pokwiyira."

Atatero anakhala duu. Kenaka anati: "Ndiye kuti ndine."

Mkwiyowo unali ndi eni ake ambiri. Anakwiyira agogo a mtsikana uja, ahedi amene ankawasenzetsa chilichonse, ndi aphunzitsi anzawo. Anakwiyanso ndi nkhani ya kusokonekera kwa K6.2 biliyoni ya ndalama za Covid-19 imene inali m'kamwa mwa aliyense miyezi imeneyo, pamene iwo ankagawa sopo mmodzi kumakalasi awiri. Chovuta kwambiri kuchitchula chinali kukwiyira malemu achemwali awo chifukwa chowasiya, ndi kukwiyira Mulungu. Izi ankaziona ngati tchimo lalikulu. Sindinatsutsane nawo za chikhulupiriro, ndipo anadzakumbukira okha kuti m'Masalimo muli anthu amene anadandaulira Mulungu poyera osatayidwa.

Kuchokera pamenepo kope linayamba kudzaza ndi mawu osiyanasiyana, ndipo tinatha kugwira ntchito ndi chimodzichimodzi. Anaphunzira kuti mkwiyo umayamba ndi kutentha pachifuwa ndi kuuma kwa nsagwada, mawu asanatuluke. Akamva zimenezo m'kalasi ankaika choko pansi, kupatsa ana samu yoti achite, n'kukaima pakhomo mpaka mtima utatsika. Madamu anam'pepesa mnyamata uja pamaso pa kholo lake ndi achiwiri kwa ahedi, n'kuuzanso kalasi yonse kuti mawu aja sanali oona.

Za mtsikana uja ankangonena kuti: "Ndinamutaya ndine." Sindinawauze kuti asadandaule. Tinalemba zimene zinali m'manja mwawo ndi zimene sizinali. Sukulu zinatsekedwa miyezi yoposa isanu, ndipo sanatseke ndi iwo. Njala ya pakhomo pa agogowo sanaibweretse ndi iwo. Pa atsikana asanu ndi mmodzi anabweza anayi. Chisoni chinatsala, ndipo n'choyenera kutsala, koma mlandu unachepa. Nkhani ya mtsikanayo tinaipereka kwa amayi a mother group, wogwira ntchito yoteteza ana ndi amfumu, poti ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka.

Maliro nawo anafunika kumalizidwa. Nyengo yozizira itayamba, achibale ochepa anasonkhana kumudzi, anapita kumanda, n'kuimba nyimbo zimene sizinaimbidwe mu Januwale. Madamu anandiuza kuti analira mpaka mawu anatha, ndipo ana a malemuwo ndi amene anawagwira.

Kwa anzanga pantchitoyi

Pasukulu iliyonse pali mphunzitsi amene ena onse amatulira nkhawa zawo. Tikapita kukafufuza za umoyo wa aphunzitsi, kawirikawiri ndi yemweyo amene ahedi amatipatsa kuti atiperekeze ndi kutiuza amene akuvutika, ndipo timabwerera osamufunsa iyeyo. Mayankho ake amakhala okoma, nkhope yowala, ndipo akadzaza fomu yodziyesa yekha pa luso la mumtima amapeza zambiri, chifukwa amadziwadi anthu. Ine tsopano munthu ameneyu ndimam'funsa payekha, ndipo ndikaona kuti akuyankha za ena ndimabwereza funso.

Ndikufunanso kuchenjeza za maphunziro amene timachititsa aphunzitsi. Tikangowauza kuti mphunzitsi wabwino amadziletsa ndipo saonetsa kukwiya, tikulimbikitsa chimene chinadwalitsa Madamu. Ndipo tikawaphunzitsa kusamalira mtima koma osakhudza katundu amene asenza, tikuwauza mosanena kuti vuto ndi iwo. Pa nkhaniyi mankhwala, kuchotsa maudindo, kuthana ndi katapila ndi kuphunzira kutchula zamumtima zinayendera limodzi, ndipo sindikhulupirira kuti chimodzi pachokha chikanakwana. Mphunzitsi amene akupita kuchipatala mobwerezabwereza ndi mutu, malungo osapezeka, wina am'funse za tulo, za ngongole ndi za maliro.

Tinayesanso kuti aphunzitsi onse azikhala pamodzi kanthawi kochepa Lachisanu kukambirana mmene mlungu wawayendera. Zinayenda kwa teremu imodzi, kenaka zinazilala, makamaka abambo atayamba kujomba. Komabe kudzera m'menemo mphunzitsi wachinyamata uja anabwera yekha kudzandiona.

Mmene zinathera

Mu Meyi PHQ-9 inatsika kufika pa 11, ndipo maganizo a imfa anali atachoka. Mu Julayi matendawa anakulanso m'dziko muno. Madamu anali atabayitsa katemera woyamba wa AstraZeneca, amene anafika kuno pa 5 Malichi kudzera ku COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera, koma katemerayo anatha m'dziko mu Juni wachiwiri asanalandire. Tulo tinasokonekeranso ndipo PHQ-9 inakwera kufika pa 13. Ulendo uno anandiimbira okha foni n'kunena kuti: "Mantha abweranso. Ndikuopa kufa ngati achemwali n'kusiya ana asanu." Tinaonana pafupipafupi kwa kanthawi, anamwino anawaonanso osasintha mankhwala, ndipo katemera atabwera anakabayitsa wachiwiri.

Mu Novembala anapeza 5. Kalata yochenjeza ija ahedi anaichotsa mufayilo a PEA akuona. Mphunzitsi amene anatenga udindo wa Covid-19 atasamutsidwa, ahedi anapempha Madamu kuti autengenso, ndipo anayankha kuti: "Ahedi, pepani, chaka chino sindingathe." Ahedi anapeza wina. Ngongole ya katapila inatha, ya kukampani inali ikudulidwabe. Amuna awo anabwerera kuntchito koma pa malipiro ochepa. Pamene ndinkatseka fayilo yawo mu Disembala 2021, Madamu anali akumwabe mankhwala, ndipo tsiku lokaonananso ndi anamwino linali litaikidwa chaka chotsatira. Mtsikana uja anali atabereka mwana wamwamuna ndipo anali asanabwerere kusukulu. Amayi a mother group anali akupitabe kukakambirana ndi agogo ake.